Funsani Tikuyankheni: Madzi a Ozimitsa Moto Amatheranji Msanga?

Funso: Akonzi, mwezi watha nyumba ya anansi athu inagwira moto, ndipo ozimitsa moto atafika anathira madzi kwa mphindi zochepa chabe, thanki n'kuuma. Kodi ntchito imeneyi yakhala yotere kuyambira kale? Ndine mayi wa ku Kawale, Lilongwe.

Yankho: Pepani kwambiri mayi ndi zimene zinawaonekera anansi anuwo. Galimoto yozimitsa moto kwenikweni ndi pampu yoyenda. Madzi a m'thanki mwake ndi ongoyambira ntchito, ndipo paipi ikatsegulidwa mwamphamvu sachedwa kutha.

Vuto lofikitsa madzi pamoto ndi lakalekale. M'chaka cha 6 AD, mfumu Augustus ya ku Rome inakhazikitsa gulu la alonda otchedwa Vigiles, amene ankazungulira mzinda usiku ali ndi zidebe, nkhwangwa ndi ngowe zogwetsera nyumba. Zida zimenezi zinali zisanasinthe kwenikweni pamene moto unabuka m'nyumba yophikira buledi ku London pa 2 September 1666. Anthu ankapatsirana zidebe zachikopa, monga timachitira kwathu kuno denga laudzu likayaka, komabe m'masiku anayi nyumba zoposa 13,000 zinapsa, mpaka anachita kuphulitsa nyumba zina ndi onga kuti moto usowe podumphira.

Kwa ine, amene anasintha zinthu ndi Jan van der Heyden wa mumzinda wa Amsterdam, m'dziko la Netherlands. M'zaka za m'ma 1670 iye anakonza mapaipi achikopa osokedwa, opindika, amene anathandiza ozimitsa moto kulowa ndi madzi m'kati mwa nyumba m'malo mongowaza ali panja. Pampu inkalandira madzi kuchokera m'ngalande zikuluzikulu za mumzindawo, choncho madziwo sankatha. Pampu zoyendera nthunzi zinadza mu 1829 ku London, kenako za injini, koma zonsezo zinkafunabe madzi apafupi.

N'chifukwa chake mizinda imaika mipope yapadera m'mbali mwa misewu, imene ozimitsa moto amaitcha hydrant, kuti galimoto izilumikiza paipi n'kumapopa osalekeza. Mpope wotere ukakhala kutali, kapena wina akamangapo okala kapena kuunjikapo njerwa, galimoto imayenera kubwerera kukatunga uku moto ukupitirira. M'madera othithikana monga Mtandire ndi Mgona muli vuto linanso, chifukwa tinjira tina ndi topanikiza moti galimoto imaima patali, ozimitsa moto n'kuyamba kulumikiza mapaipi kuti afike panyumba imene ikuyakayo.