Buku la chinjoka pachikuto: mwana awerenge kapena lipite pamoto?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kuno ku Mangochi, cha kwa Mponda. Mwana wawo wamwamuna, wa Sitandade 7, anabwera ndi buku lobwereka kwa mnzake, pachikuto pali chinjoka chamapiko. Agogo ake atangoliona anati ndi za satana, lisonkhezeredwe pamoto. Mayiwo akufunsa ngati mabuku otere ndi oyenera ana, komanso ngati alipo akuluakulu amene amawerenga zimenezi.

Mayi, poyamba musaliwotche, ndi la eni ake.

Agogo sindingawaseke. Amene anakulira m'tchalitchi akamva mawu akuti chinjoka amakumbuka Chivumbulutso mutu 12, pamene pali chinjoka chofiira cha mitu 7 ndi nyanga 10, ndipo Baibulo limanena mosabisa kuti ndi Mdyerekezi. Koma agogo omwewo afunseni za Napolo, muone mmene akhalire bwino pamphasa n'kuyamba kufotokoza: chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikamasamuka kupita kunyanja chimakokolola miyala, mitengo ndi midzi, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Malemu Steve Chimombo anachilembera ndakatulo, Napolo Poems, mu 1987. Azungu nawo ali ndi chawo, kungoti chimauluka ndi kulavula moto. Ku China chimabweretsa mvula ndi mwayi. Chithunzi cha pachikuto pachokha sichikuuzani zimene zili m'katimo.

Buku limene ndimayamba nalo ndi The Hobbit, la J.R.R. Tolkien, lotuluka mu 1937. Chinjoka chake, Smaug, chinalanda phiri lodzaza golide n'kumangogona pachumapo, osachidya, osagawira munthu. Ndinaliwerengera mwana wa mchemwali wanga usiku wina magetsi atazima, tili pakhonde chifukwa m'nyumba munali ngati mu uvuni, tochi ya foni kudzanja lina, lina ndikuthamangitsa udzudzu. Ndimawerenga ndime m'Chingerezi kenako n'kumumasulira. Titafika pamene Smaug akuwotcha mudzi womangidwa pamitengo pamwamba pa nyanja, mwanayo anandidula: "Malume, anthuwo analibe mabwato?" Anali nawo, ndipo anathawiramo ndithu. Mwana wokulira m'mbali mwa Shire sangalephere kufunsa zimenezo. Chinjokacho chinafa ndi muvi umodzi, munthu wina dzina lake Bard atauzidwa ndi kambalame kuti pachifuwa pake pali malo opanda mamba. Koma chimene chimandigwira mtima ine chimabwera pambuyo pake. Chinjoka chitafa, otsalawo anayamba kukokanakokana polimbirana golide uja, mpaka kutengerana mikondo. Amene anaonapo achibale akukanganirana chuma cha masiye maliro asanaikidwe n'komwe sangavutike kumvetsa.

Agogo mungawauzenso za C.S. Lewis, mkhristu wodziwika amene analemba mabuku ambiri a chikhulupiriro. M'buku lake la 1952, The Voyage of the Dawn Treader, kamnyamata kodzikonda kotchedwa Eustace kanagona pachuma cha chinjoka mtima uli dyokodyoko ndi umbombo, kudzuka kali chinjoka. Kanayesa kudzisenda chikopa, koma pansi pake pamatuluka china. Mpaka mkango Aslan ndi umene unadzachisenda chonse. Mbusa akhoza kulalikira nkhani imeneyi Lamulungu osasintha kanthu.

Kwa ana aang'ono pali How to Train Your Dragon la Cressida Cowell, la 2003, loseketsa komanso Chingerezi chake n'chopepukirapo. Ambiri anaonera katuni yake ya 2010. Eragon, limene Christopher Paolini anayamba kulemba ali ndi zaka 15, ndi la ana a sekondale. Ine limanditopetsa, limazungulira kwambiri, koma anyamata amalikonda. Ndikanakonda akanagwira A Wizard of Earthsea la Ursula K. Le Guin, la 1968, lodzaza zilumba ndi mabwato, ndipo mnyamata wake Ged si mzungu. Muli zamatsenga, ndinenerepo, kuti musadzati sindinakuuzeni.

Tsopano pamene muyenera kutsegula maso. Inde, akuluakulu amawerenga mabuku a zinjoka, ndipo ena analembedwera iwo okha. A Game of Thrones la George R.R. Martin, la 1996, lili ndi kuphana kwankhanza, kugwirira ndi za kuchipinda zosaphimba. Fourth Wing la Rebecca Yarros, la 2023, limene atsikana amatumizirana pa WhatsApp, ndi nkhani yachikondi ya akuluakulu, ndipo za kuchipinda zimafotokozedwa zonse. Amenewa mwana wa Sitandade 7 asawakhudze. Vuto lake n'lakuti pamulu wa mabuku a kaunjika onse amaunjikidwa pamodzi, chikuto chofanana, chinjoka chomwecho, ndipo wogulitsa sanawerengeko ndi limodzi lomwe.

Ndiye litengeni bukulo madzulo ano. Musawerenge koyambirira kokha, olemba amayamba mwaulemu ngati mlendo wofika kumene. Tsegulani pakati, muwerenge masamba asanu kapena khumi, kenako cha kumapeto. Mukapeza kuti ndi la ana, muuzeni mwanayo kuti akamaliza mutu uliwonse azikafotokozera agogo ake m'Chichewa kapena m'Chiyao. Mudzadziwa ngati Chingerezicho akuchimvadi, pakuti buku ngati The Hobbit si lophweka kwa mwana wa msinkhu umenewo, ndipo agogo adzamva okha zimene mdzukulu wawo akumeza.

Mu imelo yanu simunatchule dzina la bukulo kapena wolemba wake. Nditumizireni, kapena mungojambula chikutocho pafoni, ndikuuzani ngati ndi la msinkhu wake.