Ku konsati ya mavayolini, nthungululu muzisunge kaye

Adzukulu awiri a kwa Santhe andifunsa kuti agogo, tapatsidwa matiketi a konsati ya nyimbo za classical ku Lilongwe, zija za mavayolini ndi piyano, ife tinazolowera makwaya ndi mabandi, tikavale chani nanga tikatani kuti asakatione uchimidzi?

Za zovala musadandaule nazo adzukulu, zomwe mumavala ku tchalitchi zakwana, bola zochapa komanso zosita. Osakabwereka suti ayi. Perefyumu pang'ono chabe, mukakhala moyandikana ndi anthu pafupifupi maola awiri.

Nkhani ndi nthawi. Kafikeni kukadali mphindi 30, mupite kuchimbudzi, mupeze mpando wanu, chifukwa akangoyamba amatseka chitseko ndipo wochedwa amadikira panja mpaka nyimbo ithe, mwina mpaka pa break, tiketi ili m'manja. Mukakhala pansi muona wa vayolini wamkulu akulowa, muombereni m'manja, kenako kachitoliro kena kotchedwa oboe kalira liwu limodzi la A ndiye onse ayamba kulizaliza zida zawo mosokonekera. Nyimbo sinayambe imeneyo, akuchuna zida kuti zigwirizane. Wotsogolera oimba, yemwe amagwira kandodo, akalowa ombaninso, akakweza manja zii.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa kuomba m'manja. Nyimbo imodzi yomwe amati symphony nthawi zambiri imakhala ndi zigawo zinayi, pa pulogalamu muona mawu a Chitaliyana ngati Allegro, kutanthauza yothamanga, kapena Adagio, yapang'onopang'ono. Chigawo chikatha oimba amayamba apuma kaye, ena akutsegula mapepala, holo yonse duu, ndiye iwe manja ayamba kale kuyabwa. Gwira mtima. Zili ngati pabwalo mfumu ikamagamula mlandu, ikaima kuti imeze malovu sindiye kuti yamaliza. Muziwerenga zigawo pa pulogalamu, mukasokonezeka yang'anani wotsogolera, akatsitsa manja nkutembenukira kwa inu ndiye kuti yatha.

Koma ndikuuzeni, mwambowu si wa makedzana kwenikweni. Mu 1778 ku Paris anthu anamuombera m'manja wopeka nyimbo wotchuka Mozart symphony yake ili mkati, iye osakwiya, anasangalala mpaka kuwalembera kalata bambo ake. Ndiye wina akaphonya nkuomba pakati musamuthire diso, nanunso zikakuchitikirani osachita manyazi mpaka kutuluka. Ine anthu otsonya anzawo m'makonsati amanditopetsa kuposa oomba molakwitsawo.

Chete ameneyu ali ndi chifukwa chake. Kawirikawiri kulibe masipika, liwu limachokera m'chida momwemo, ndipo pali malo ena vayolini imalira motsitsa kwambiri moti pepala la switi likangoti khwaa mzere wonse wamva. Choncho foni thimitsani, osati kungoika pa vibrate, ndipo za kujambula vidiyo ya pa WhatsApp status muiwale, kuwala kwake kumasokoneza okhala kumbuyo komanso malo ambiri amaletsa. Ngati muli ndi chifuwa tengani mpango ndi switi yosenda kale, chikakula tulukani mwakachetechete pamene chigawo chatha. Mtedza wanu wa ku Kasunguwo mukadyere panja pa break. Kunong'onezana, kuimba nawo, kugunda phazi pampando wa mnzako, zonsezo ayi ngakhale nyimboyo mukuidziwa.

China, kuno chimtali kapena mganda ukakoma timalowa m'bwalo kukafupa, nthungululu zili pakamwa, ndipo wovina amamva kukoma. Uko osayerekeza kupita kutsogolo ndi K1,000 kukaika pa piyano, woimbayo akuwerenga manotsi a nyimbo komanso akumvetsera anzake, mumubalalitsa. Zonse sungirani kumapeto. Pamenepo ombani mpaka manja afiire, imirirani ngati zakukhudzani, ena azikuwa bravo, ndipo ine sindiona vuto ndi kanthungululu kamodzi pamene holo yonse ikusokosera. Wotsogolera amatuluka nkubweranso kangapo, osathamangira pakhomo, mwina awonjezera kanyimbo kena kakafupi.

Pakakhala nyimbo ya Messiah yopekedwa ndi Handel, yomwe inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742, ikafika pa Haleluya ija makwaya athu amaikonda, mwambo ndi woti anthu amaimirira. Mukaona oyandikana nawo anyamuka nyamukaninso, koma kuimba asiyireni a kwaya.

Mwana wamng'ono musiyeni kunyumba ndi azakhali ake, sangapirire. Ndipo ngati konsatiyo ndi yamadzulo konzeranitu kogona ku Lilongwe konko, sindikufuna kumva kuti mumasaka minibasi ya kwa Santhe usiku.