Aphunzitsi akuti Big Bang, abusa akuti Mulungu: ndimvere ndani?

FUNSO: Bambo, m'kalasi tikuphunzira kuti chilengedwe chinayamba ndi Big Bang zaka pafupifupi 13.8 biliyoni zapitazo. Kutchalitchi ndinakula ndikumva kuti analenga ndi Mulungu. Mnzanga wophunzira filosofi akuti tonsefe sitikudziwa chimene tikunena. Mutu wanga waima. Ndimvere ndani? — Wophunzira wothedwa nzeru

YANKHO: Mwana wanga, funso limeneli linandisowetsa tulo inenso ndili mnyamata. Amene anandikhazika mtima pansi ndi Georges Lemaître, wansembe wachikatolika wa ku Belgium, katswiri wa masamu ndi zakuthambo.

Mu 1927 iye analemba kuti chilengedwe chikufutukuka, milalang'amba ikutalikirana. Mu 1931 anapitiriza kuti ngati zili choncho, ndiye kuti kalekale zonse zinali zothithikana pamodzi. Ganizo limene aphunzitsi anu akulitcha Big Bang linayamba ndi munthu wowerenga Misa! Komatu mu 1951, Papa Pius XII atalankhula ngati sayansi yatsimikizira za kulenga, Lemaître sanakondwe. Sanafune kuti chikhulupiriro chitsamire pa masamu amene mawa akhoza kukonzedwa, kapena kuti masamu alandiridwe chifukwa choti akukomera tchalitchi.

Ine ndili mbali ya Lemaître. Sayansi imayeza, imayesa, ndipo ikalakwa imabweza mawu. Ganizo la Lemaître linalimba mu 1965, asayansi a ku America, Arno Penzias ndi Robert Wilson, atalengeza za cheza chofooka chochokera mbali zonse zakumwamba, chotsalira cha kutentha koyambirira kuja. Umboni wotere musaukane chifukwa cha mantha. Atsogoleri a tchalitchi anaweruza Galileo, katswiri wa zakuthambo wa ku Italy, mu 1633 chifukwa chonena kuti dziko limazungulira dzuwa, ndipo mu 1992 Papa John Paul II anavomereza kuti oweruzawo analakwa.

Koma mayi anga atamwalira, dokotala anandifotokozera bwinobwino chimene chinaimitsa mtima wawo, ndipo ndinathokoza. Funso limene linkandiliza usiku linali lina: moyo wawo unali wa chiyani, nanga tidzaonananso? Limenelo ndinapita nalo m'pemphero, chifukwa palibe chipangizo choliyezera.

Mnzanu wa filosofiyo musamunyoze. Ntchito yake ndi ngati ya Socrates, katswiri wakale wa filosofi wa ku Athens ku Greece: kufunsa kuti mukati "chiyambi" mukutanthauza chiyani. Ndiponso munthu akanena kuti zoona ndi zokhazo zimene sayansi ingayeze, walankhula filosofi, pakuti mawu amenewo sanayezedwe mu labotale iliyonse. Mukakumana naye, mumufunse modekha kuti iyeyo akudziwa bwanji kuti tonse sitikudziwa, kenako mumvetsere yankho lake mpaka amalize.