Misangu yayoyola masamba mvula itangoyamba: kodi yadwala?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wakulira m'tauni ku Blantyre, koma tsopano akulima munda umene malemu amayi ake anamusiyira ku Golomoti, m'boma la Dedza. Akuti m'mundamo muli misangu itatu ikuluikulu. Mvula itangoyamba mu Disembala, yonse itatu yayoyola masamba n'kutsala nthambi zokhazokha, pamene mitengo ina yonse yabiriwira. Munthu wina wootcha njerwa wamuuza kuti mitengoyo yauma, ndipo akufuna aigule. Akutinso mbande za msangu zimene anabzala chaka chatha zinafa zonse. Funso lake n'lakuti: ndi matenda anji amenewa, nanga mankhwala ake ndi ati?

Mayi, chonde musagulitse mitengo imeneyo. Sinadwale, sinaume. Umenewo ndiwo mkhalidwe wa msangu: m'dzinja umakhala wopanda masamba, ndipo mvula ikamatha, cha m'ma Epulo ndi Meyi, umaphukira n'kukhala wobiriwira chilimwe chonse, mitengo inzake itayoyoka. Umatha kutero chifukwa muzu wake waukulu umalowa pansi kwambiri mpaka kukapeza madzi amene mizu ya chimanga singawafike. N'chifukwa chake umakonda m'zigwa ndi m'mbali mwa nyanja, monga kwanuko ku Golomoti, ku Bwanje, ku Salima, ku Mangochi ndi kuchigwa cha Shire. Ngati mukukayikabe, tengani mpeni mukande pang'ono khungwa la kanthambi kakang'ono. Mukaona mkati mobiriwira ndi monyowa, mtengowo uli moyo.

Amayi anu sanaisiye mitengoyo chifukwa chosowa nkhwangwa ayi. Masamba amene akuyoyokawo akugwa pa nthawi yeniyeni imene mukubzala, ndipo popeza ndi ting'onoting'ono, sachedwa kuwola mvula ikawanyowetsa. Msangu ndi wa banja limodzi ndi nyemba, mtedza ndi nandolo. Pa mizu yake pamakhala timatuza momwe mumakhala tizilombo tabwino totenga nayitrojeni mu mpweya, chakudya cha mbewu chomwe chija timagula mu thumba la Urea. Muwonjezerepo ndowe za ng'ombe ndi mbuzi zimene zimausa pamthunzi pake chilimwe chonse zikudya makoko ake ofiirira, opotanapotana. Ndiye chimanga chikamamera chimapeza nthaka yodya kale, ndipo dzuwa limachifika chifukwa pamwamba palibe masamba otchinga. Mu Febuluwale mukayime pansi pa mtengo umodzi muone mtundu wa masamba a chimanga ndi kunenepa kwa mapesi, kenako muyende mapazi makumi atatu kutuluka kunja kwa nthambi, muonenso. Mudzadziyankha nokha.

Zimenezi si za kuno kokha. Msangu akatswiri amautcha Faidherbia albida, ndipo kale unkawerengedwa m'gulu la mitengo yaminga ya Acacia, limodzi ndi mthethe. Ku Niger, makamaka m'dera la Zinder, alimi amalima mapira ndi mchewere pansi pa mitengo imeneyi m'minda yambirimbiri. Ku Zambia bungwe la Conservation Farming Unit lakhala likulimbikitsa alimi kuubzala motalikana mamita 10 mbali zonse, kutanthauza mitengo 100 pa hekitala imodzi. Wootcha njerwayo adzawotcha mitengo yanu m'masiku ochepa, koma kuti msangu ufike msinkhu woyamba kudyetsa nthaka mooneka pamatenga zaka khumi kapena kuposerapo. Zimandipweteka mtima ndikaona chitsa cha msangu pakati pa munda wa munthu amene akudandaula za mtengo wa feteleza.

Chinthu chimodzi mutsimikize: kuti ndi misangudi. Msangu uli ndi minga yowongoka, yoyererako, yokhala iwiriiwiri, ndipo tinthambi take tating'ono n'totuwa. Mthethe uli ndi minga yokhota yokola zovala, ndipo umayenda ndi nyengo ngati mitengo ina yonse. Mthethe ukakhala wopanda masamba mu Januwale ndiye kuti palidi vuto.

Nanga msangu waukulu ukadwaladi umaoneka bwanji? Nthawi youyesa ndi Juni kapena Julayi. Ngati pofika miyezi imeneyo sunaphukire, kapena waphukira mbali imodzi yokha, nthambi zina zikuthyoka gwaa zouma, khungwa likusendeka lokha, patsinde pamera bowa wolimba, pamenepo mtengo ukuvutika. Kawirikawiri chiyambi chake chimakhala moto. Anthu amaunjika mapesi patsinde n'kuyatsa pososa, kapena ana osaka mbewa amatentha tchire, khungwa limapsa, ndipo pabalapo ndi pomwe chuku ndi chiswe zimalowera mpaka mtengo kuchita mphako. Utomoni wotuluka pamtengo nthawi zambiri umasonyeza bala, kaya la chikwanje kapena la tizilombo toboola. Mbozi nazo zimatha kudya masamba ambiri zaka zina, koma mtengo waukulu umaphukiranso wokha, sipafunika kupopera. Onaninso kumtunda ngati pali timaphukusi tobiriwira ta chomera china chomera pa nthambi, chimene mbalame zimafalitsa mbewu zake. Chimayamwa madzi a mtengo, ndipo mankhwala ake n'kudula nthambiyo kumunsi kwa pomwe chagwira. Mukamasadza nthambi zodyetsa ziweto, musamete mtengo wonse nthawi imodzi, chifukwa wosadzidwa kwambiri umasokonezeka, umatha kuphukira m'dzinja n'kutchinga chimanga.

Tsopano za mbande zanu zija, chifukwa apa ndi pomwe msangu umafera kwambiri. Simunandiuze momwe munazifetsera, choncho ndifotokoza pomwe anthu ambiri amalakwitsa.

Mbewu yake ili ndi chikopa cholimba, ndipo ukangoikwirira osaichita kanthu imatha kukhala m'nthaka osamera. Sankhani mbewu zopanda timabowo, chifukwa tizilombo tofanana ndi anankafumbwe timaboola mbewu zikadali m'makoko. Iliyonse muidule pang'ono chikopa ndi chowengera zikhadabo, kumbali yotalikana ndi kamaso kake, muziviike m'madzi usiku umodzi, m'mawa mufese.

Vuto lalikulu ndi muzu uja. Kambande kakamaoneka kakang'ono pamwamba, muzu wake umakhala utafika kale pansi pa chubu. Ukasowa kolowera umazungulira m'chubumo, kapena umaboola n'kulowa m'nthaka ya panazale, ndiye ponyamula umaduka. Mbande yotere imatha kukhala moyo m'dzinja, koma chilimwe chikafika imauma, chifukwa ilibe muzu wotsikira ku madzi. Ikani machubu anu pa thandala, kuti muzu ukatulukira pansi ukumane ndi mpweya n'kuleka kutalika osapindika, ndipo musasunge mbande nthawi yaitali. Milungu isanu kapena isanu ndi umodzi yakwana. Mukafesa kumayambiriro kwa Novembala, zimakhala zokonzeka mvula ikakhazikika mu Disembala.

Panazale pali matenda awiri oyenera kuwadziwa. Mukathirira madzi mopitirira muyeso, pamthunzi wambiri, timbande timawola patsinde n'kugwa, ndipo ndi chuku chimachita zimenezo. Chepetsani madzi, sakanizani dothi ndi mchenga. Achiwiri ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu, tomwe tija timavutitsa tomato ndi fodya. Choncho dothi la m'machubu musatape pamalo pomwe panali mbewu zimenezi. Musasokoneze zotupa zake ndi timatuza tabwino tija: tabwino timakhala m'mbali mwa muzu, timathothoka mosavuta ndipo mkati mwake ndi mofiirira, pamene a matendawa ndi muzu weniweniwo umene watupa.

Zikafika kumunda, adani ndi mbuzi, chiswe, moto ndi khasu la waganyu amene sakudziwa kuti pali kamtengo. Zikani chikhomo pambande iliyonse, tchingirani ndi nthambi zaminga chimanga chikakololedwa ziweto zikamasulidwa, ndipo lambulani udzu mozungulira moto usanayambe. Zaka ziwiri zoyambirira kamtengo kamaoneka ngati sikakukula, koma kamakhala kakukula kunsi.

Komabe inu muli ndi mwayi umene ena alibe. Pomwe pali misangu itatu yobereka ndi ziweto zodya makoko ake, m'munda mumakhala timisangu tomera tokha, chifukwa mbewu yodutsa m'mimba mwa mbuzi kapena ng'ombe imatuluka chikopa chitafewa. Timeneti n'tolimba kuposa ta m'chubu, poti muzu wake sunasokonezedwepo. Musanapalire, yendani m'mizere ndi aganyu anu, muwaonetse timitengoto, musankhe tamphamvu totalikana pafupifupi mamita 10, muzike zikhomo. Pa kamtengo kalikonse siyani mphukira imodzi yowongoka, zinazo muzidulira chaka ndi chaka. Ngati pofika Julayi umodzi wa mitengo ikuluikulu ija sunaphukire, itanani alangizi a zankhalango a m'dera lanu adzauone, ndipo munditumizirenso chithunzi cha patsinde pake ndi cha nthambi zake.