Amuna anga anali msilikali, akumenya nkhondo kutulo: ndipite nawo kuti?

Pa imelo pafika kalata ya mayi wina wa ku Rosettenville. Amuna awo anali a Malawi Defence Force, anapitako ku Congo, anapuma ntchito ndipo pano ndi mlonda kuno ku Joni. Usiku amakuwa kutulo, tsiku lina anawagwira mayiwo pakhosi asanatsitsimuke bwinobwino, ndipo mowa wanyanya. Kutchalitchi akuti ndi ziwanda, kumudzi akuti anawalodza. Mayiwa akufunsa ngati ndi misala, komanso kopita nawo.

Mayi, zimene mwalongosolazi zikufanana kwambiri ndi matenda a maganizo obwera munthu akadutsa m'zoopsa, omwe madokotala amati PTSD, ngakhale wotsimikiza ndi dokotala atawaona maso ndi maso. Si misala, ndipo amachizika. Kumbukirani kumene bambowa achokera. Mu 2013 asilikali athu anayamba kugwira ntchito kum'mawa kwa Congo m'gulu la United Nations lotchedwa Force Intervention Brigade, limodzi ndi a South Africa ndi Tanzania, gulu lomwe linatumidwa kukathira nkhondo zigawenga, osati kungolondera. Mu Novembala 2018 asilikali 6 a Malawi anaphedwa kufupi ndi tawuni ya Beni polimbana ndi zigawenga za ADF. Mu Januwale 2025 enanso 3 anafa pa nkhondo ya zigawenga za M23 yolanda mzinda wa Goma. Otsala amoyowo ndi amene ananyamula mitembo ya anzawo.

Munthu akakhala miyezi yambiri imfa ili pamphuno, ubongo umazolowera kukhala tcheru usana ndi usiku. Kunkhondo zimenezo zimapulumutsa moyo. Vuto n'lakuti kwa ena tcheruyo sazima akabwerera kwawo, amakhala ngati alamu ya galimoto yolira ngakhale mphaka atangodumphira pa boneti. Dokotala amayang'ana zinthu zinayi: zakale kubwerera m'maloto kapena masana ngati zikuchitika pompano, kuzemba chilichonse chokumbutsa, mtima kuuma, kudziimba mlandu ndi kusasangalala ndi kanthu, komanso kudzidzimuka, kupsa mtima msanga ndi kusowa tulo. Zikapitirira mwezi umodzi n'kumasokoneza ntchito kapena banja, ndiye matendawo.

Ndiye Joni si malo ochitira chifundo munthu wotere. Mabingu a kuno kuyambira Okutobala amachita kugwedeza mawindo. Onjezanipo makombola a Diwali ndi a Chaka Chatsopano, mfuti zolira usiku, helikopita ya apolisi ikuzungulira pamwamba pa denga. Ntchito ya ulondanso, maola 12 usiku uli chilili kumvetsera mtswatswa uliwonse, ikumuuza munthu tsiku ndi tsiku kuti asatsitse tcheru. Ngati kuntchito kungatheke kusinthira shifiti ya masana, apemphe.

Za kutchalitchi ndinene mosapsatira. Pempherani, palibe dokotala wanzeru angakuletseni. Koma mapemphero ogwira munthu anthu anayi, kumukuwira m'khutu usiku wonse, kumukankhira pansi, kwa msilikali wodwala chonchi ndi kumubwezera kunkhondo. Akamenya wina pamenepo muzati chiwanda chalusa, pomwe ndi thupi likudziteteza monga linaphunzitsidwira. Abusa amene amakonda nkhosa zawo aziperekeze kuchipatala.

Mowa nawo ndi wachinyengo. Umagonetsa msanga, koma ukamatha m'magazi cha kum'bandakucha tulo timaduka ndipo maloto oopsa amabwera mwamphamvu. Komabe ngati bambo amamwa kwambiri tsiku lililonse, asasiye mwadzidzidzi pawokha: m'masiku awiri kapena atatu oyamba munthu atha kunjenjemera, kugwa ngati wakhunyu, kuona zinthu zoti palibe, ena amafa kumene. Kusiyako kukhale kowayang'anira achipatala. Chimodzimodzi mapiritsi a diazepam ogula kwa anzathu pamsewu. Sachiza PTSD, amazolowereka m'milungu yochepa, ndipo akasakanikirana ndi mowa amatha kuimitsa kupuma.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti anthu ambiri amapatsidwa mapiritsi ogonetsa n'kuuzidwa kuti "iwalani zakale", chonsecho chithandizo chenicheni chimadziwika. Ndi uphungu wolunjika pa chochitikacho, osati kungocheza za moyo. Pali Prolonged Exposure: kukumana kamodzi pa mlungu, pafupifupi mphindi 90, maulendo 8 mpaka 15. Wodwala amafotokoza chinthu choopsacho mobwerezabwereza, amajambula mawu ake n'kukamvetsera kunyumba, kenako pang'onopang'ono amayamba kupita kumalo omwe ankazemba, kaya ndi renki ya taxi yodzaza anthu. Pali Cognitive Processing Therapy, maulendo 12, yolimbana ndi maganizo onga akuti "ndikanapanda kuchedwa mnzanga sakanafa". Palinso EMDR, pomwe wodwala amakumbukira chochitikacho maso ake akutsatira chala cha phungu uku ndi uko. Pomwe ambiri amagwera ndi milungu yoyambirira, chifukwa maloto amatha kuwonjezeka kaye, munthu n'kuganiza kuti akumupweteka dala, n'kusiya. Zimenezo n'zoyembekezeka, auzeni aphungu achepetse liwiro koma osaleka. Ngati Chingerezi chikuvuta pa nkhani zozama, womasulira asakhale inu kapena mwana wanu. Pali zimene msilikali sanganene mkazi wake ali pomwepo.

Mankhwala akumwa alipo, monga sertraline, paroxetine, venlafaxine kapena fluoxetine. Amamwedwa tsiku lililonse, ndipo kusintha kumaoneka pakatha milungu 4 mpaka 6. Masiku oyamba nseru ndi kusakhazikika zimachitika, ndipo kwa abambo ena mphamvu za kuchipinda zimatsika. Ambiri amasiyira pamenepo mwakachetechete, pomwe dokotala akanatha kusintha mtundu kapena mlingo. Auzeninso dokotala ngati bomba linawaphulikirapo pafupi kapena anavulalapo m'mutu, komanso ngati ankamwa mefloquine woteteza malungo, chifukwa nayenso amabweretsa maloto oipa ndi nkhawa kwa anthu ena.

Kopita kuno ku Joni

Thandizo la Department of Military Veterans, nthambi ya boma yoona za asilikali akale, ndi la nzika za South Africa, musataye ndalama ya taxi. Yambirani ku kiliniki ya boma ya m'dera lanu mupemphe kalata yokaonana ndi a matenda a maganizo. Bungwe lolimbana ndi nkhanza la CSVR ku Braamfontein lili ndi aphungu othandiza anthu amene anakumana ndi nkhanza ndi nkhondo, obwera kuchokera kunja omwe. Bambo akayamba kunena zodzipha, kapena kuopseza inu ndi ana, pitani nawo ku kajuwote ya chipatala cha Helen Joseph, Charlotte Maxeke kapena Chris Hani Baragwanath. Malamulo a dziko lino salola kubweza munthu wofunika chithandizo chadzidzidzi, ndipo Mental Health Care Act ya 2002 imalola kumugoneka maola 72 akumuunika ngakhale iye akukana. Nambala yaulere ya SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo, ndi 0800 567 567. Akabwerera kumudzi, kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso chipatala cha Zomba Mental.

Pakali pano, zokugwirani pakhosi zija musazipeputse. Muzigona pogona posiyana mpaka chithandizo chitayamba kugwira. Akamalota musawagwedeze, imani patali, yatsani getsi, muwaitane dzina mofatsa n'kuwauza kuti ali kunyumba ku Joni. Mfuti ya kuntchito isagone m'nyumba, zikwanje ndi mipeni zichoke kuchipinda. Zikachitika ali maso, imeneyo ndi nkhanza ngakhale akudwala, tulukani ndi ana muimbire apolisi pa 10111. Powanyengerera zopita kuchipatala, sankhani masana asanalawe mowa, ndipo nenani kuti mukufuna akaonetse vuto la tulo. Akakana kumva kwa inu, pemphani mnzawo amene anavalapo yunifolomu awaperekeze.