Kodi tizilombo ta m'botolo tingachepetse D Compound?

Bambo ena olima chimanga ndi soya ku Chadiza andilembera imelo. Akuti atabwera ku Chipata kudzagula mbewu, wogulitsa wina anawaonetsa kabotolo ka tizilombo ta m'nthaka, n'kuwauza kuti akapaka kumbewu angathe kudula D Compound ndi theka chifukwa tizilomboto timasungunula fosifolasi. Akufunsa ngati n'zoona, popeza mtengo wa feteleza wawafika pakhosi.

Bambo, tizilombo totere tilipodi, ndipo ntchito imene timagwira si nthano. Koma musadule feteleza m'munda wonse pongomva za wogulitsa.

Pathumba la D Compound pamalembedwa 10-20-10. Nambala yapakatiyo ndi ya fosifolasi, chakudya chothandiza mizu kukhazikika ndi mbewu kukhwima bwino. Chaka chimene mwathira, mbewu imangodya pafupifupi magawo 10 mpaka 25 pa 100 alionse a fosifolasiyo. Wotsalayo sakokoloka ndi mvula ngati yureya. Amagwidwa ndi ayironi ndi aluminiyamu, makamaka m'katondo wofiira amene wayamba kuwawasa chifukwa cholimidwa ndi kuthiridwa yureya zaka zambiri. Sayendanso m'nthaka: pomwe mwamuika, amangosuntha pang'ono kwambiri. N'chifukwa chake mumaona chimanga chofika m'mawondo chili chopinimbira, masamba am'munsi atachita kapepo m'mphepete, chonsecho munda umenewo wakhala ukulandira D chaka ndi chaka.

Zili ngati ndalama zimene munakongoza anthu: zilipo, n'zanu, koma zimabwera movuta. Tizilomboti ndi okakutolerani ngongoleyo, ndipo sangakutolereni zimene simunakongoze. Mitundu yodziwika kwambiri ndi Bacillus ndi Pseudomonas. Timakhala mozungulira mizu, timadya shuga amene mizu imatulutsa, ndipo timatulutsa asidi wofooka amene amamasula fosifolasi wogwidwa uja. Tina timatulutsa zophwanya manyowa ndi mapesi owola kuti fosifolasi wa m'menemo apezeke ku mizu.

Poti mumalima soya, musasokoneze zimenezi ndi inokulanti wa ufa wakuda uja. Tizilombo ta inokulanti wa soya timapanga timapundu kumizu n'kumakoka nayitrojeni mumpweya, ndiye timabweretsadi chakudya chatsopano m'munda. Fosifolasi mumpweya mulibe. Munda umene sunalawepo D kapena manyowa okwanira, tizilombo ta m'botolo tipezamo zochepa zoti timasule. Chinanso chimene wogulitsa sanakuuzeni n'chakuti mukadula D ndi theka, mwadulanso nayitrojeni, potashi ndi salifa zimene zili m'thumba lomwelo, ndipo botololo silibweza zimenezo.

Nkhaniyi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1950 minda yambiri ku Soviet Union inkathiridwa mankhwala otchedwa phosphobacterin, opangidwa ndi Bacillus megaterium, koma atayesedwa ku America phindu lake silinaoneke kwenikweni. Ku Brazil, komwe kuli nthaka yofiira yowawasa yofanako ndi yathu, bungwe la kafukufuku la Embrapa linatulutsa mankhwala a tizilombo otchedwa BiomaPhos mu 2019, atasankha tizilombo tochokera m'minda ya komweko ndi kutiyesa zaka zambiri. Kusiyana kwa ziwirizi ndiko kumandipangitsa kukayikira botolo lililonse losadziwika kochokera. Kulabotale, tizilombo kawirikawiri timayesedwa ndi fosifolasi wophatikana ndi kashiyamu, amene savuta kusungunula. Wa m'katondo wathu ndi wogwidwa ndi ayironi ndi aluminiyamu, wouma mutu kwambiri. Kachilombo kangapambane m'mbale ya kulabotale n'kulephera m'munda, komwe kakalimbana ndi tizilombo tambirimbiri ta eni nthaka, chilala cha pakati pa dzinja ndi kuwawasa kwa dothi.

Ndiponso ndi zamoyo. Botolo limene lakhala pashelefu pansi pa malata mu Okutobala wa ku Chipata lingakhale madzi chabe pofika kwa inu.

Ine chimene chimandipweteka n'chakuti ku Chilembwe, m'dera la Petauke, kuli mwala wa fosifeti, m'chigawo chathu chomwechino. Mwalawo ndi wouma, susungunuka msanga ukangoperedwa n'kumwazidwa m'munda. Apa m'pamene ndikanakonda kuona akatswiri a pamalo a kafukufuku wa ulimi a ku Msekera ndi a ku University of Zambia akuikapo mtima, kufunafuna tizilombo ta m'nthaka yathu tomwe tingagwire ntchito ndi mwala umenewu pamodzi ndi kompositi.

Tsono inu muchite chiyani chaka chino? Musanagule botolo, pemphani alangizi a kukampu kwanu akuthandizeni kupimitsa dothi. Ngati lawawasa, laimu adzamasula fosifolasi wochuluka kuposa botolo, bola athiridwe mvula isanayambe ndi kusakanizidwa ndi dothi. Manyowa a m'khola ndi mapesi osatenthedwa ndiye chakudya cha tizilombo timene tili kale m'munda mwanu, ndipo powola amaphimba malo amene ayironi amagwirira fosifolasi. D Compound muziika tsiku lobzala, pambali ndi pansi pang'ono pa mbewu, masentimita ngati 5, n'kukwirira. Kumuika pamwamba chimanga chitamera kale masabata atatu ndiko kutaya ndalama kumene ndimakuona kwambiri m'minda yathu, chifukwa mbewu imafuna fosifolasi ikadali yanthete.

Mukafunabe kuyesa botololo, ndipo sindikukuletsani, onani ngati lalembedwa dzina la kachilomboko, kuchuluka kwake, tsiku lothera ntchito ndi amene anapanga. Lopanda zimenezi lisiyeni. Funsaninso ngati likugwirizana ndi mankhwala ofiira kapena obiriwira opakidwa kumbewu yogula, poti ena amapha tizilombo. Pakani pamthunzi, bzalani tsiku lomwelo m'dothi lonyowa, ndipo musalisakanize m'thumba la feteleza.

Kenaka patulani kachigawo kofanana nthaka, kopanda chulu, mukagawe panayi, mizere 10 chigawo chilichonse: D wathunthu yekha, D wathunthu ndi tizilombo, theka la D lokha, theka la D ndi tizilombo. Chigawo chachitatucho musachisiye. Munda umene wakhala ukulandira D zaka zambiri ungabereke bwino ndi theka ngakhale popanda botolo, ndiye popanda chigawo chimenecho mungatamande tizilombo pa ntchito ya fosifolasi wakale. Yureya, mbewu, tsiku lobzala ndi kupalira zikhale chimodzimodzi ponseponse. Pokolola, tonolani chigawo chilichonse pachokha, muyeze pasikelo chitauma, osati ndi maso. Mukabwereza chaka chachiwiri n'kuona kusiyana komweko, pamenepo mungayambe kuchepetsa D pa lima imodzi (kota ya hekitala). Manambalawo mudzanditumizire, ndidzawaika pano kuti alimi a ku Katete ndi ku Vubwi nawonso aone.