Bala lapola, koma zala sizikumva

Achemwali, zala zitatu zomwe mwalemba kuti amuna anu sakuzimva chiwakhapireni akuba ndi chikwanje miyezi iwiri yapitayo, chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati, ndi zomwezo zinafa dzanzi kwa ine. Mawa lomwe muwatenge mubwerere nawo kuchipatala. Awa akukuyankhani kuti zimatha zokha, ingopakani mafuta, sanazionepo zimenezi.

Ine linandicheka ndi lata. Tinkakhoma denga la bafa, kunabwera chimphepo, lata lija n'kundipulumuka n'kundidula pamkono cha mkati, povala wotchi paja. Pachipatala chaching'ono chomwe anathamangira nane ndinapeza bambo wina wa gauni loyera ali pa foni, ndipo anandisoka foniyo ataipana ndi phewa, akuseka ndi wa kutsidya. Ndinamuuza kuti adokotala, zala izi sindikuzimva. Akuti ndi mankhwala a dzanzi ndakubayaniwa. Sanandiuze kuti tapindani chala, sanandilase ndi kanthu kuti aone ngati ndikumva, m'buku sanalembemo chilichonse chokhudza zala. Tsiku lochotsa ulusi ndinamukumbutsanso, iye n'kundiyang'ana ngati ndabwera kudzapempha ndalama. "Bala lapola bwinobwino ili, mukufunanso chiyani? Pitani mukadikire." Mpaka lero ndikamukumbukira munthu ameneyo mtima umandiwawa. Akanangolemba kalata yonditumiza kuchipatala chachikulu basi, kalata yokha.

Ine ndine telala, ndipo dzanja lake linali lamanja. Singano ndinkaiona ndi maso kuti ndaigwira, koma ndikangoyang'ana kumbali yagwa. Inafika nyengo yotsegulira sukulu, mayunifomu ali mulu, makolo akubwera m'mawa ndi madzulo. Tsiku lina ndikusita ndi simbi ya makala, simbi ili kumanzere, dzanja lodwalalo ndikukanikizira nsalu, maso ali pa kolala. Mwana wanga wamkazi anali pansi akutola zidutswa za nsalu. Anangoti, "Adadi, chikupsa n'chiyani?" Ndinayang'ana pa mbaula, palibe. Ndinayang'ana nsalu, yabwinobwino. Kenako ndinaona kuti mphuno ya simbi yakhala pa zala zanga ziwiri. Khungu linali litayera, nditachotsa simbiyo lina linatsalira pachitsulo, lina pa shati ya mwana wa eni ake. Fungo lija silidzandichoka. Ndipo sindinamve kupweteka ngakhale pang'ono, achemwali, n'chimene chinandiopsa. Ndinakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira, mwana akundigwira phewa akuti ndikaitane amayi. Zilondazo zinatenga nthawi kuti zipole, ndipo mayi akunyumba akumandimanga ndi amene anaona kuti mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu waphwa, chikhatho chasalala.

Apo n'kuti achibale atalowererapo kale. Amalume akuti telala mnzako wapamsika uja ndiye wakumanga dzanja. Ananditengera kwa sing'anga, mbuzi inapita, anandicheka mphini padzanja lomwe silimva lomwelo n'kupakapo zakudazakuda. Miyezi ikupita.

Nditafika kuchipatala chachikulu, dokotala wa mafupa sanachedwe n'komwe. Anandilasa zala ndi kasingano, anandiuza kuti ndigunditse chala chachikulu ndi chaching'ono, ndinalephera. Anagogoda pachipsera ndi chala chake, ndinalumpha, zinathamanga mpaka kunsonga ngati ndagwidwa ndi magetsi. Akuti mtsempha wotchedwa median unaduka tsiku lomwe lija, osati wa magazi, koma wonyamula mauthenga pakati pa zala ndi ubongo. Ndiye anandifunsa kuti munali kuti nthawi yonseyi. Ndinali kuti? Ndinkadikira, monga anandiuzira mnzawo uja! Akanaulumikiza m'masiku oyambirira, bwenzi atangosoka nsonga ziwirizo. Koma zinali zitathawana, ina itapanga kachotupa, moti anachita kudula kamtsempha kena kumwendo kwanga n'kudzaika pakati. Panopa m'mbali mwa phazi langa muli dzanzi losatha.

Ndili chigonere ndi bandeji ndinawerenga kwambiri za zimenezi, mabandulo kutha, chifukwa ndinkafuna kudziwa chimene miyezi ija inandibera. Mtsempha uli ngati waya wamagetsi, mkati muli timaulusi tambirimbiri ndipo tambiri mwa ito tinakutidwa ndi chinthu chamafuta chotchedwa myelin. Kaulusi kokutidwa bwino kamathamangitsa uthenga mpaka mamita 120 pa sekondi, kopanda chokutira mwina mita imodzi yokha. Amene amakuta ndi maselo otchedwa Schwann. Mtsempha ukaduka, mbali yonse yolowera kuzala imafa n'kuphwanyika. Izi anaziona Augustus Waller ku England mu 1850, podula mitsempha ya lilime la achule. Koma maselo a Schwann aja safa nawo ayi. Kristjan Jessen ndi Rhona Mirsky, akatswiri a ku University College London omwe athera zaka zambiri pa maselo amenewa, anasonyeza kuti amasintha ntchito. Amasiya kukuta, amayamba kuphwanya myelin wakale, amaitana maselo a m'magazi kudzachotsa zinyalala, kenako amandandalikana kupanga njira yoti timaulusi tatsopano tidutsemo. Mu 2012 gulu lawolo linapeza kuti kusinthaku kumayendetsedwa ndi puloteni yotchedwa c-Jun. Mbewa zomwe anazichotsera c-Jun m'maselo a Schwann zinkakula bwinobwino, koma mtsempha ukavulala sunkaphuka moyenera.

Pamene panandipweteka mtima ndi apa. Maselo okonzawo sadikira mpaka kalekale. Timaulusi tikachedwa kufika, c-Jun ija imatsika, maselowo amafooka, ena amafa, njira ija imatsekeka. Tessa Gordon ku Canada anayesa pa makoswe, kuchedwetsa dala kulumikiza mtsempha kwa miyezi, ndipo timaulusi tofika kuminofu tinkachepa kwambiri. Nayonso minofu ikakhala yopanda mtsempha kwa chaka mpaka chaka ndi theka, ngakhale mtsempha udzafike siidzukanso bwino. Ndiye mtsemphawo umakula pafupifupi milimita imodzi patsiku. Tengani tepi muyeze kuchokera pachipsera cha amuna anu kufika kunsonga ya chala. Akakhala masentimita 25, ndiye masiku 250 amenewo, kuwerenga kuyambira tsiku lolumikiza, osati tsiku lovulala. Miyezi iwiri mwataya kaleyi ndi yambiri, koma sikunade.

Mukapita musakavomere kungoonedwa bala. Mukanene kuti zala zitatu sizikumva chivulalireni, ndipo mukufuna kuonana ndi a mafupa kapena ochita opaleshoni ya dzanja. Ku Blantyre ndi ku Queens, ku Lilongwe kuli LION, chipatala cha mafupa, mkati mwa Kamuzu Central, kumpoto Mzuzu Central. Muonetsetse kuti alemba m'buku zala zake ndi tsiku lomwe anavulala. Akakuzembazembani musachoke pabenchi.

Komabe akakuyezani bwinobwino n'kunena kuti dikirani kaye, dikirani ndithu, musakalimbane nawo. Herbert Seddon, dokotala wa ku Britain amene ankathandiza ovulala pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, anagawa kuvulala kumeneku patatu mu 1943. Pena mtsempha umangofinyika, myelin yekha ndiye wawonongeka, ndipo munthu amachira yekha m'masabata kapena miyezi itatu. Pena timaulusi taduka koma chikhungu cha mtsempha chili chilumikizire, umaphukanso wokha pang'onopang'ono. Pena waduka wonse, apo popanda opaleshoni palibe chimene chingachitike. Kungoti chikwanje sichifinya, chimadula, n'chifukwa chake ndikukukakamizani chonchi.

Ndipo akawapanga opaleshoni musayembekezere zodabwitsa. Ine ndinadzuka ndikuganiza kuti ndiyamba kumva, ayi ndithu, miyezi inadutsa dzanja lili zii. Ndinkangogogoda pamkono n'kumaona kuti malo ochita magetsi aja akusunthira kuchikhatho, a mafizo, ophunzitsa kulimbitsa ziwalo aja, anati ndicho chizindikiro choti mtsempha ukukula. Choyamba kubwerera chinali ululu, kuwotcha usiku, kulasalasa, osagona. Mudzawapirire bambowo nthawi imeneyo, adzakhala okwiyakwiya. Myelin wophukanso amakhala wopyapyala kuposa woyamba, ndipo timaulusi tina timasochera n'kulowera kolakwika, moti ine poyamba ukandigwira chala chapakati ndinkamva cha mkombaphala. Ubongo umachita kuphunziranso. A mafizo ankandipatsa mbale ya mpunga muli mabatani ndi makobidi kuti ndizitola nditatsinzina. Ana amachira bwino kuposa ife akuluakulu, zimenezo ananena poyera.

Mafuta aja apakeni, sindikukana. Mayi anga ankandisisita zala ndi mafuta ofunda madzulo alionse, kuzipinda ndi kuziwongola, ndipo adokotala anati n'chifukwa chake mfundo zanga sizinaume. Khungu la zala zadzanzi limauma n'kumang'aluka, limafuna mafuta. Koma mafutawo muziyesa inuyo ndi dzanja lanu kutentha kwake. Madzi osamba chimodzimodzi. Asayandikire mbaula, asagwire kapu ya tiyi kapena nsima yamoto ndi dzanja limenelo, ndipo usiku uliwonse muziwayang'ana zala ngati pali chilonda, chifukwa iwo sadzakuuzani, sakumva. Ngati amasuta fodya asiye. Za mphini musalole n'komwe, ngakhale apongozi akwiye.

Ine ndikusoka panopa, makina ndimapalasa bwinobwino, koma kulowetsa ulusi pasingano amandichitira ndi mwana uja, ndipo kukazizira mu June zala zimawawa mpaka ndimavala gulovu. Mukalephera kupeza kalata yotumizira kuchipatala chachikulu mundilembere ku inbox, ndikuuzani mmene ine ndinayendera.